Fuko Wosunga Nyimbo m'Zigoba

Kalekale, nyama zikadayankhula... Ha, mwangoti duu? Ine ndikati kalekale, inu muziti tili tonse. Nthano iyi makamaka siyenda popanda wovomera, ndipo chifukwa chake muchiona nokha. Tiyambirenso. Kalekale! Eya, tsopano mwakhala anthu.

Kalekale, nyama zikadayankhula ngati ife, pansi pa munda wa chinangwa kutsidya kwa dambo kunkakhala Fuko. Fuko mukumudziwa: mano awiri ali panja, timaso tating'onoting'ono, khosi palibe. Kuimba sankatha ngakhale pang'ono. Akati ayese, ana a mbewa ankathawa. Koma nyimbo ankazikonda mopitirira muyeso. Anthu otere alipo, ndipo musandiyang'ane choncho.

Masiku amenewo nyimbo inkasungika m'chigoba cha nkhono. Ukatola chigoba chopanda mwini, unkachiyandikiza kukamwa kwa woimba, nyimbo n'kulowa, iwe n'kutseka msanga ndi phula. Ukafuna kumva unkatsegula, nyimbo n'kumatuluka, koma isanathe unkayenera kutsekanso. Ukachedwa, basi, yapita osabweranso.

Ndiye Fuko ankatapa nyimbo iliyonse imene wakumana nayo. Njiwa ikalira m'mawa, watapa. Achule akayamba zawo mvula itagwa, watapa. Amayi akumudzi akamaimba pamtondo, iye ali pansi pa mtondowo ndi chigoba, watapa. Chipinda chimodzi chinadzaza. Chachiwiri chinadzaza. Anatulutsa chinangwa m'nkhokwe, n'kuikamo zigoba. Mapeto ake mwini nyumba ankagona panjira, miyendo ili kukhomo.

Mukuganiza kuti ankamvera nyimbozo? Amvere nthawi yanji! Iye anali pa ntchito yosanja. Poyamba anasanja potsata woimba: za mbalame uku, za achule uku, za anthu uko. Kenako anapeza chigoba chimene Njiwa ankaimba achule akuvomera chapatali. Achiike kuti? Anaphwasula zonse. Anasanjanso potsata nyengo: za dzinja uku, za chilimwe uko. Kenako anapeza nyimbo ya Nyenje imene anaitapa tsiku la mvula yoyamba. Ndi ya dzinja kapena ya chilimwe? Anaphwasulanso zonse. Kachitatu anati, "Tsopano ndapeza nzeru. Ndiziluma chigoba. Kuluma kamodzi, nyimbo yabwino. Kawiri, yabwino kwambiri. Katatu, yosati n'kutaya." Koma ndani amasunga nyimbo n'kuvomera kuti ndi ya kuluma kamodzi? Zigoba zonse zinalumidwa katatu.

Mwa zigoba zonsezo munali kamodzi kakang'ono, kamene munali mawu a mayi ake.

Mvetsani mmene afuko amakumbira. Una ndi wopapatiza, wokumba sangatembenuke. Mayi amakhala kutsogolo kukumba ndi mano, n'kumaponya dothi kumbuyo, ana n'kumalandira ndi kulikankhira kunja. Tsono popeza mayi sangacheuke kuti aone ngati ana akadalipo, kapena njoka yatenga mmodzi, amaimba. Mayi akaimba, ana amavomera. Akamva kuvomera, mtima umakhala pansi, n'kupitiriza kukumba. Mayi a Fuko anali ndi nyimbo yawoyawo yotere, imene ankaimba ndi ana awo awiri, Fuko ndi mlongo wake wamkulu Namitsitsi.

Mayiwo atakalamba, tsiku lina ali mu una, Fuko anatapa nyimboyo. Zimene ankakumbuka za tsikulo n'zakuti phula linali labwino ndipo anatseka bwino. Kachigobako sanakatsegulepo n'kamodzi komwe, kuopa kuti mawu angathawe. Mayi atamwalira, Namitsitsi analira mpaka mawu kusasa. Fuko analira pang'ono, n'kudzitonthoza yekha kuti, "Ine mayi ndili nawo m'chigoba."

Pasanapite nthawi, pamtengo wa msangu pakati pa dambo panafika Nthengu, mbalame yakuda ya mchira wamphanda ija, yodziwa kutsanzira mawu a aliyense.

"Abale inu, musavutikenso ndi zigoba!" anafuula Nthengu. "Nyimbo zonse za pansi pano zili pakhosi panga pano. Mwezi ukaoneka, ingobweretsani mbozi zodzaza chikhatho. Mwezi wonse muzingotchula, ine ndiziimba."

Fuko anayesa. Anatchula ya Njiwa, inamveka. Anatchula ya achule, inamveka. Osasaka, osasanja, osaluma chigoba! Anabwerera kunyumba akudziseka kuti zaka zonsezi anali chitsiru. Anakumba dzenje limodzi lalikulu, n'kukankhiramo zigoba zonse, za dzinja ndi za chilimwe pamodzi, n'kuyala mphasa yake m'chipinda ngati munthu. Kuyambira pamenepo ntchito yake inali yosakira Nthengu mbozi.

Chaka chitatha chimwalirire mayi, kunabwera Namitsitsi.

"Achimwene, mowa wa chikumbutso cha mayi ndayamba kale. Upsa pakapita masiku anayi. Abale onse ndawauza kuti mubweretsa mawu a mayi. Ena akuchokera kutali ndithu chifukwa cha zimenezo. Paja munkati muli nawo?"

"Ndili nawo, achemwali. Inu musade nkhawa."

"Mwawaika pabwino?"

"Aa, achemwali, mukufunsa ine? Ine wosunga nyimbo?"

Namitsitsi atapita, Fuko anakasuzumira m'dzenje muja. Zigoba mbwee, zonse zolumidwa katatu. Koma anati, "Ndivutikirenji? Si Nthengu ali ndi nyimbo zonse za pansi pano?"

Tsiku loyamba anapita pamsangu.

"Zikomo, a Nthengu."

"Ee, a Fuko, munthu wathu! Lero tikuimbireni iti?"

"Ndikufuna nyimbo ya mayi anga."

"Dzina lake?"

"Ilibe dzina. Inali ya mayi basi."

"Imayamba bwanji?"

Fuko anatsegula pakamwa. Anatseka. Anakanda mutu. Nyimbo imene anakulira, imene anaimva tsiku ndi tsiku, inali itachoka m'mutu monse. Akanaisungiranji m'mutu pamene inali m'chigoba?

"Ija imati... ija... mkati mwake muli mawu akuti dothi."

"Dothi! Mwafika pake penipeni," anatero Nthengu.

Anaimba ya Chiswe chikumanga chulu. Fuko anati si imeneyo. Anaimba ya amayi oumba miphika. Fuko anati si imeneyo. Anaimba ya Nguluwe ikugubuduka m'matope.

"Si imeneyo, a Nthengu!"

"Komatu amene amafunsa za dothi amaikonda kwambiri imeneyi. Ndikubwerezereni."

Anabwereza. Anabwerezanso. Fuko anabwerera kwawo dzuwa litapendeka, ndipo ali m'njira anadzipeza akung'ung'udza nyimbo ya Nguluwe, nyimbo imene ankadana nayo chibadwire.

Tsiku lachiwiri anadzuka atakumbukira kamvekedwe kake pang'ono. Anathamangira pamsangu, n'kung'ung'udza ndi mawu ake oipa aja. Timba amene anali panthambi anasamukira mtengo wina.

"Basi, basi, musapitirize, ndaidziwa," anatero Nthengu. "Ndinaimvapo ndili pachitsa m'munda mwanu muja."

Anakonza kukhosi, n'kuyamba ndi mawu ofanana ndithu ndi a malemu:

"Ndakumba, ndakumba..."

Ubweya wa Fuko unaima. Misozi inalengeza. Anasendera pafupi. Pomwepo Nthengu anasintha mawu, n'kuyankhula ngati Kanyimbi:

"Kodi anzanu amakuthawani? Kodi mukafika pagulu anthu amayamba kutsanzika? Gulani mafuta onunkhira a Kanyimbi! Ine ndimadzola omwewa!"

"A Nthengu! N'chiyaninso chimenechi pakati pa nyimbo ya mayi anga?"

"Pepani, a Fuko, a Kanyimbi nawonso amabweretsa mbozi. Mukafuna kumva popanda iwo, zanu zikhale zikhatho ziwiri."

"Chabwino, malizani kaye, ndibweretsa."

"Aa, taonani, mphepo yatembenuka. Ikamaomba chonchi mawu satsika bwino. Mubwere mawa."

Tsiku lachitatu Fuko analawirira, mbozi zili tho m'zikhatho zonse ziwiri. Nthengu anameza zonse, n'kupukuta mlomo panthambi.

"Tikuimbireni iti lero?"

"Yadzulo ija."

"Iti?"

"Ya mayi anga! Ndakumba, ndakumba!"

"Oo, imeneyo. Imeneyo kulibenso."

"Kulibe bwanji? Dzulo lomweli munali nayo pakhosi!"

"Eni ake aichotsa."

"Eni ake ndani? Eni ake ndi mayi anga, ndipo ali m'manda!"

"A Nungu akuti mawu akuti 'ndakumba' ndi a mtundu wawo, akuti anayamba kukumba ndi iwo. Nkhaniyo isanathe, ine sindingaimbe. Minga ija mukuidziwa. Koma musadandaule, ndili ndi ina yofanana nayo kwambiri, ya a Nguluwe."

Fuko anapsa mtima mpaka mano kugwedezeka.

"Chaka chathunthu ndakhala ndikukudyetsani! Ndaonda ine, mwanenepa inu. Pa nyimbo zonse zimene mwandiimbira, yanga ndi iti? Imene ndingapite nayo kunyumba ndi iti?"

Nthengu anapendeketsa mutu.

"Yanu? A Fuko, inu munkangobweretsa khutu. Khutulo ndiye lanu, mutha kupita nalo."

Kunena zoona, Fuko anachita manyazi kuposa kukwiya, chifukwa Nthengu sananame.

Anathamangira kunyumba n'kudziponya m'dzenje muja. Anatsegula chigoba choyamba: Njiwa. Chachiwiri: Njiwa. Chachitatu: Njiwa yemweyo, nyimbo yomweyo. Anaipeza kakhumi ndi kamodzi. China munali mvula yokhayokha. China munali iye mwini akutsokomola, ndipo nachonso chinali cholumidwa katatu. Chilichonse chimene sichinali cha mayi ankachikankhira kunja pamodzi ndi dothi, mpaka m'munda monse munadzaza milu. Dzenje linatha. Kachigoba ka mayi munalibe.

Anakhala pansi, thukuta lili kamukamu. Ndipo anakumbuka. Kachigoba kaja sanakaike pamodzi ndi zinzake. Anakaika padera, pamalo abwino, posaiwalika. Inu nonse mumawadziwa malo abwino osaiwalika. Ndi kumene zinthu zimakasowera.

Anasaka kudenga, anasaka m'nkhokwe, anasaka kuseri kwa mtsuko. Atatopa anadzigwetsa pamphasa, n'kumva kanthu kakuti tswa kunsi kwa nthiti. Anavundukula mphasa. Si kameneka! Chaka chonse ankakagonera, n'kumadandaula kuti pansi m'posasalala. Tsopano kanali ndi mng'alu, ndipo phula lake linali litauma.

M'mawa wa tsiku la mowa, Fuko anakapempha phula latsopano kwa Njuchi. Anakonza nzeru yake: atsegula pang'ono, abale amve mzere umodzi, iye n'kutseka msanga mawu asanathe. Popeza manja onse awiri anagwira kachigoba kong'aluka kaja, phula analiluma ndi mano, kuti nthawi ikakwana angolikanikiza pakamwa pa chigoba.

Abale anasonkhana pakhomo pa una wakale wa malemu. Afuko ochokera kutsidya, afuko ochokera kuphiri, ngakhale mbewa zoyandikana nazo. Mowa unathiridwa pansi pang'ono, mwa mwambo wake. Kenako Namitsitsi anaimirira.

"Abale, achimwene angawa anasunga mawu a mayi. Tiyeni timve."

Onse anati chete. Fuko anatokosa phula lakale, ndipo linagwa lonse. Mawu anatuluka, otsika, onjenjemera, koma a mayi enieni:

"Ndakumba, ndakumba, dothi ndipatse yani?"

Amayi ena anagwira pakamwa. M'chigobamo munamveka mawu a Namitsitsi akuyamba kuvomera:

"Ponyani ku..."

Ndipo munamveka mawu ena, okalipa, oipa, amene aliyense anawazindikira:

"Chete, achemwali! Mukuononga! Ndikutapa mawu a mayi okha!"

Mitu yonse inatembenukira kwa Fuko. Mbewa ina inaphulika kuseka, inzake n'kuitsina. Fuko analakalaka nthaka itang'ambika, iye wokumba nthaka. Anaiwala zotseka.

M'chigoba mayi anaimbanso:

"Ndakumba, ndakumba, dothi ndipatse yani?"

Zii. Palibe anavomera. Munkangomveka dothi likugwa kumbuyo kwa nkhalamba, popanda wolandira.

Anaimba kachitatu, mawu akucheperachepera. Ziinso. Kenako nkhalamba inasiya kuimba, n'kuyankhula, ndipo mawu ake anali a mantha:

"Fuko? Fuko mwana wanga, ukadali kumbuyoko? Bwanji suvomera?"

Apa ndi pamene Fuko anaona chimene anasunga. Sanasunge nyimbo. Anasunga tsiku limene mayi ake anaitana mu mdima wa una, katatu konse, iye ali pomwepo, n'kuwamana yankho chifukwa chotanganidwa ndi phula.

Mawu anali kutha. Anamva kachigoba kakupepuka m'manja. Phula linali pamano. Akanangoweramitsa mutu n'kukanikiza, kanthu kakanatsala, kakuti adzamvenso chaka chamawa. Koma kuti ayankhe, ankayenera kutsegula pakamwa, ndipo akatsegula pakamwa phula ligwa m'fumbi.

"Fuko?" anaitananso mayi, chapansipansi.

Phula linagwa.

"Ndili kumbuyo, mayi!" anafuula Fuko. "Ndili kumbuyo!"

Kachigoba kanati zii. Anakagwedeza, anakaika kukhutu. Munalibe kanthu. Pamenepo Fuko analira maliro amene anawazengereza chaka chathunthu. Analira mokweza, moipa, mamina ali chuchuchu, ndipo palibe anaseka.

Namitsitsi anamusiya alire. Kenako anamugunda ndi chigongono.

"Mwayankha mochedwa, achimwene, komanso mwalakwitsa. Sitinkatero ayi. Tinkati, 'Ponyani kuno, mayi, ndili kumbuyo.'"

"Inu mukuikumbuka?"

"Ndiiwale bwanji? Ndimaimba tsiku lililonse ndi ana anga tikamakumba."

"Nanga bwanji simunandiuze? Ine masiku atatu ndili pamsangu kumvera za Nguluwe!"

"Munandifunsa? Inu mukabwera kwathu mumangofunsa ngati ndatola zigoba."

Namitsitsi analowa mu una wa malemu, kutsogolo, pamalo pa mayi. Ana ake anatsatira. Fuko analowa pomalizira, akufwenthera. Namitsitsi analuma dothi, n'kuyambitsa:

"Ndakumba, ndakumba, dothi ndipatse yani?"

Onse anavomera:

"Ponyani kuno, mayi, ndili kumbuyo!"

Mawu a Fuko ndi amene anamveka pamwamba pa onse, okhota, osalongosoka. Mwana wina wa Namitsitsi anatseka makutu. Mayi ake anamuuza kuti, "Asiye amalume ako aimbe. Agogo ako anawadikira nthawi yaitali."

Nthengu anali pachitsa, khutu lili tcheru. Mawa lake nyimboyo inali itabwerera pamsangu, ya zikhatho ziwiri, a Kanyimbi ali pakati. Fuko anadutsa pansi pa mtengowo osayang'ana kumwamba, akuimba yekha, Timba n'kusamukanso.

N'chifukwa chake mpaka lero mukapita kumunda mumapeza milu ya dothi pamene padutsa fuko: ndi zigoba zija zimene anazikankhira kunja pamodzi ndi dothi. N'chifukwa chake nthengu amaimba mawu a mbalame zonse, inu osapita nayo n'imodzi yomwe kunyumba. Ndipo mukatola chigoba cha nkhono n'kuchiika kukhutu, mumamva kakuti fuuu. Ndi kotsalira ka nyimbo imene wina anaisunga bwino kwambiri.

Phunziro lake nali, ndipo ndikunena poyera: nyimbo ya kwa eni si yako, ndipo imene waitsekera osaiimba si yakonso. Yako ndi imene ili pakamwa pako. Munthu akakuimbira, vomera akadali moyo.

Musaganize kuti ndikudzudzula inu. Ine amene ndikukusimbiranine, m'foni yangayi muli kakadi kodzaza nyimbo, theka lake dzina n'limodzi, "Yatsopano." Mwezi uliwonse ndimadyetsanso nthengu wanga, ndipo sabata yatha yomweyi wandichotsera nyimbo imene tinavinira pa ukwati wathu. Mayi a kunyumba atandifunsa kuti imayamba bwanji, ndinati ija imati ija. Mpaka lero akundiyankha mwachidule.

Nanga inu a Gomani, mwakweza foni chiyambire nthano, mukundijambula. "Tili tonse" wanu sindinamumve n'kamodzi komwe. Tsitsani dzanjalo, lipume.

Nthano yanga yathera pompa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule. Yanga inapserera kalekale, ndinali kusaka nyimbo.